Nyimbo za pa Kapinga ku South Perth

Mcdonald Msaiwale anawaona komaliza mayi ake ali moyo mu Januwale 2020, pansanjika ya 27 ya nyumba ina yagalasi ku South Perth. Mayi Felesta anali atabwera kuchokera ku Mponela kudzaona ana awo aamuna awiri. Tsiku lobwerera anakhala pa sutikesi yawo atafulatira zenera, poti milungu isanu yonse anakana kusuzumira pansi, ati mutu umazungulira. Anamugwira Mcdonald dzanja n'kumuuza kuti azidya, waonda. Iye sanawaperekeze ku eyapoti. Anali ndi shifiti ku Malaga, dera la mafakitale mu Perth momwemo, kumene ankanyamula makatoni chisiyireni yunivesite chaka chachiwiri.

Fuletiyo inali ya mkulu wake, Aloysius, injiniya wa ku migodi. Padenga panali dziwe losambira, pansi mlonda wa suti, ndipo chitseko chilichonse chinkamvera kakhadi kokha. Mtsinje wa Swan unkaoneka ngati chitenje choyanika. Koma nsanjikazo zinamukwezanso mtima Aloysius. Anatuluka pagulu la WhatsApp la Amalawi, ati mauthenga ake ndi maliro okhaokha.

Bambo ake a Augustine Mwewa, mnzawo wa ku Zambia, atamwalira kwawo malire ali otseka chifukwa cha Covid, anthu anasonkhana masiku atatu m'galaja ku Girrawheen, dera lina la Perth.

“Achimwene, tiyeni tikaonekere, ngakhale ola limodzi,” anatero Mcdonald.

“Kukakhala pa mpando wa pulasitiki kumadzutsa munthu? Ndaoda maluwa. Akawafikitsa a kushopu.”

Maluwa anapitadi, ndi kakhadi kosindikiza pa makina. Mcdonald anapita yekha pa basi. Anapitanso kwa a Lister mlongo wawo atatisiya, anapitanso kwina ndi kwina, chifukwa chaka chimenecho mafoni ochokera kumudzi sankabwera ndi moni.

Yawo inalira Lachisanu lina m'mawa. Anali Nora, mlongo wawo, mawu atasasa. Mayi anali atapita, matenda omwewo a Covid.

“Tiika mawa teni koloko,” anatero Nora. “Azaumoyo akuti thupi lichoke kuchipatala kulunjika kumanda. Kutchalitchi ayi, kunyumba ayi. Amayi a Mvano akuopa, anzawo atatu apita mwezi uno. Sipakhala woyimba.”

Aloysius anakhala pa sofa yake yoyera, maso ali pakapeti.

“Tisauze munthu. Nora atiyimbira foni ya vidiyo, tionera pa TV, awiriwiri. Malamulo a nyumba ino akuti alendo anayi basi, mulifiti awiri.”

“Mayi ayimbira anthu maliro zaka makumi atatu ku Mvano,” anatero Mcdonald. “Iwo atsitsidwe chete ngati thumba la feteleza?”

“Ukufuna ndiitane ndani? Ine ndinapita kwa ndani?”

Apo ndiye panali pagona nkhani. Sanali malamulo a lifiti. Anali manyazi a munthu amene akudziwa kuti akakuwa palibe angavomere.

Mcdonald anatsikira kumalo oimika magalimoto, n'kuimbira Mayi Annastazia, namwino wa ku Girrawheen amene ankatsogolera amayi a Mvano mu Perth. Anayamba kupempha, mawu akudukaduka.

“Iwe mwana, siya zimenezo,” anamudula. “Chaka chonse wanyamula mipando yathu, lero ukupempha? Maliro sapempha, amangouza. Aika nthawi yanji?”

“Folo koloko ya kuno.”

“Pita ukamwe madzi.”

Loweruka dzuwa linaswa mtengo. Pofika hafu pasiti firii, magalimoto anali atandanda m'mbali mwa mtsinje. Anatsika amayi a Mvano m'mabulauzi oyera ndi mipango yoyera, Akatolika ndi makolona m'manja, a Sabata ali m'masuti ochokera nawo kutchalitchi, ophunzira a ku Zambia, ana obadwira konkuno akufunsa m'Chingerezi chifukwa chake sakuloledwa kupita kumadzi. Mcdonald anawerenga mpaka makumi asanu ndi awiri, n'kusiya.

Manijala wa nyumbayo anaima pachitseko chagalasi, n'kunena mwaulemu kuti olowa ndi anayi okha. Mayi Annastazia sanalimbane naye. Analoza kutsidya kwa msewu.

“Kapinga uyo ndi wa ndani?”

“Wa aliyense,” anayankha manijala.

“Aliyense ndiye ife. Tiyeni, amayi.”

Anayala zitenje motalikirana, amayi atatambalitsa miyendo, abambo mbali yawo pansi pa mitengo. Anamukhazika Mcdonald pakati, pamphasa, foni yake atayitsamiritsa pa botolo la madzi. Nora atayimba foni, panaoneka dothi lofiira, dzenje, ndi anthu anayi ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mayi Annastazia anadzutsa nyimbo, gulu lonse linavomera, ndipo azungu oyendetsa agalu awo anachepetsa liwiro. Bambo wina wothamanga anavula chipewa.

Kumwamba, Aloysius anali yekha ndi TV yakuda bii. Nora sakanatha kuimbira mafoni awiri, ndipo anasankha kumene kunali anthu. Aloysius anatsegula chitseko cha pakhonde, ndipo mphepo ya masana yochokera kunyanja ku Fremantle inamubweretsera nyimbo ija, yapatali koma yomveka, imene mayi ake ankakonda kuyimba akusita yunifomu yawo. Pansi pake panali timadontho toyera pa kapinga. Analowa mulifiti. Lifiti yothamangayo tsiku limenelo inaima pansanjika zinayi, ndipo iye anangoima m'kona, atavala masilipasi, kulira pamaso pa anthu amene sankawadziwa ngakhale mayina.

Atawoloka msewu anaima kumapeto kwa gulu, manja kumbuyo, ngati wodutsa. Woyamba kumuona anali Augustine.

“Ba Aloysius,” anatero chapansipansi, “maluwa yanu yaja yanauma kudala. Ise tabwera na miyendo.”

Kenako Augustine anamugwira pachigongono n'kumudutsitsa pakati pa anthu. Atafika pamaso pa Mayi Annastazia anagwada.

“Mayi, ine sindinayenere...”

“Simunayeneredi. Tabwerera mng'ono wanuyu, inu mwangodyera pomwepo. Khalani pamphasa, ndinu anamfedwa. Zotsalazo tidzakambirana ku Girrawheen, ndipo mudzabwera nokha, osati a kushopu.”

Anakhala pafupi ndi Mcdonald, phewa kugunda phewa.

Ku Mponela bokosi linali litayamba kutsika. Nora anakweza foni m'mwamba ndi manja onse awiri, sipika atayitsegula mpaka kumapeto. Ndipo chinachitika chimene palibe anakonza. Kuseri kwa munda wa chimanga, kutali ndi dzenje, kunali kutaima amayi a Mvano a kumudzi, amene mantha anawaletsa kuyandikira koma mtima unawakaniza kukhala kunyumba. Atamva nyimbo yawo ikutuluka m'kafoni, mmodzi anavomera. Kenako onse. Mawu awo ankafika ku Perth mochedwa pang'ono, kotero kuti mzere uliwonse unkayimbidwa kawiri, kuno kenako kumudzi. Mayi Felesta, amene anayenera kutsika chete, anatsika ndi makwaya awiri.

Apo m'pamene Mcdonald analira, koyamba chimvereni uthengawo. Analira kwambiri, ndipo palibe anamuuza kuti alimbe mtima.

Munthu angathe kugula nyumba yoyandikana ndi mitambo, koma tsiku la misozi amatsika ndithu, n'kupeza pansi anthu amene iye kapena m'bale wake anawakhalirapo pamphasa. Akuluakulu anati maliro n'kulirana.

Mayi Felesta Msaiwale anaikidwa Loweruka, pa 20 Febuluwale 2021.