Moto Wakowo Ukathera Pati?

Ndagi! Iii, mwayankha ngati anthu ogona ndi njala. Ndati ndagi! Eya, tsopano. Galu wanga ndimam'masula ndi zala ziwiri, koma pokam'gwira pamafunika mudzi wonse. N'chiyani? A Chapola akuti lilime. Ayi bambo, limenelo ndi lanu, ngakhale mudzi wonse sungaligwire. Ndi moto, abale, moto wa kamtengo kamodzi ka machesi. Khalani pa matumba anuwo, chigayo sichilira msanga, magetsi akadali kwawo.

Panali munthu wina, mlenje. Sanali woipa ayi. Akapha nyama, mwendo umodzi unkapita kwa amasiye. Chaka china nguluwe zinavuta pamudzi pawo. Zinkafukula chinangwa munda ndi munda, mpaka ana anayamba kugonera madzi. Mlenje uja mtima unamuwawa. Anati, "Nditentha tchire la kuphiri. Nguluwe zikamathawa moto, zitipeza pampata ndi mikondo."

Tsono pamudzipo panali mwambo wa makolo. Moto wa tchire sunkayatsidwa ndi maganizo a munthu mmodzi, kaya akhale katswiri chotani. Mabanja asanu a pamudzipo ankasankha lililonse munthu wake. Asanuwo ankakhala pa mipando pansi pa mkuyu, woyatsa n'kuima patsogolo pawo. Ntchito yawo inali funso limodzi basi: "Moto wakowo ukathera pati?" Akayankha zomveka, ankam'patsa chikuni. Akalephera, abwerere akaganizenso.

Mlenje sanazembe mwambo. Anabwera, n'kuvula chipewa. Koma kumbuyo kwake kunali khamu la anthu odyeredwa minda, maso ali psuu. Wina anakuwa, "Amene achedwetse munthuyu ndi mafunso, ameneyo ndi mlamu wake wa nguluwe!" Anthu anaseka. Asanu aja sanaseke.

Woyamba anati, "Amalume awa ntchito yawo amaidziwa." Wachiwiri anati, "Ife ndani kuti tiphunzitse mlenje za tchire?" Awiri ena anangogwedeza mitu.

Wachisanu anali mayi, dzina lake Nangozo. Iyeyu anakayika. Kuseri kwa phirilo kunali kamtsinje, ndipo anaganiza kuti mwina mlenje akudalira kameneko kuti kakazime moto. Koma kamtsinjeko kanali kataphwa milungu itatu yapitayo. Azimayi ankachita kufukula mchenga kuti apeze madzi, masamba ouma atadzaza tsidya ndi tsidya. Mlenje akanadziwa bwanji? Mwamuna uja ndowa sanasenzepo. Ndipo kutsidyako, kudambo, kunali mitolo ya udzu wofolera ya mudzi wonse, yomweta kale, yoimika pamitengo kudikira ngolo.

Funso linafika pakhosi. Nangozo anayang'ana khamu lija. Anayang'ananso mlenje, amene anali mkamwini wake, wokwatira mwana wake woyamba. Mukudziwa inu, mpongozi ndi mkamwini amapatukirana ndi m'njira momwe. Ndiye am'panikize ndi funso pagulu? Analimeza funso lija. Anati, "Zili bwino." Chikuni chinaperekedwa.

Dzuwa lili pamutu, moto unayaka. Nguluwe zinafa zitatu, nthungululu zinamveka mpaka kumudzi. Kenako mphepo inatembenuka. Moto unafika pakamtsinje n'kuwoloka ngati pali mlatho. Udzu wonse wa kudambo unasanduka phulusa. Mitambo ya mvula inali itayamba kale kusonkhana, ndipo nyumba zambiri zinali zitasasulidwa madenga, kudikira udzu womwewo.

Mlenje anabwera pamkuyu nsidze zitapsa, manja ali matuza okhaokha, chifukwa analimbana nawo motowo ndi nthambi mpaka kugwa. Sanadzikanire. Anakhala pansi n'kulira ngati mwana. Anati, "Akuluakulu, mukanandifunsa, ndikanatchula kamtsinje. Ndikanatchula kamtsinje, apongozi anga akanandiuza kuti kanaphwa. Munandipatsa ulemu, koma munandisiya ndekha."

Nangozo anafunda chitenje kumaso.

Ndiye inu, mukamva pa wailesi kuti aphungu ku Nyumba ya Malamulo akufunsa za asilikali, kuti akutumizidwa kuti, akukachita chiyani, abwerako liti, musamafulumire kunena kuti akunyoza ana athu ovala yunifolomu, kapena kuti akudyera limodzi ndi adani. Zina n'zachinsinsi, inde, sangazilengeze pamsika. Atseke chitseko, koma afunse. Msilikali ndi mlenje uja, wolimba mtima, wofuna kutiteteza, koma sangadziwe kamtsinje kalikonse kamene kaphwa. Phungu amene tinam'tuma ife akangoti "zili bwino" poopa kutchedwa mlamu wa nguluwe, wam'taya mwana wa eni ake pamoto. Ndipo nyumba zopanda madenga zija ndi zathu.

Tsono mundiuze, musanayambe kukanganira mzere. Anatentha udzu uja ndani? Ganizani bwino, musathamange. Amayi a Jelasi, mwangoti duu? Inu a ngolo kumbuyoko? Mwati chiyani a Chapola? Mphepo? Ha! Bambo inu, mphepo inalibe mpando pansi pa mkuyu paja.