Nsato Wosadya Mokakamiza

Kalelo nyama zikuyankhula, Nsato anatopa ndi kutchedwa wankhanza. Analengeza kuti azidya okhawo amene avomera okha.

Tsiku lina anakulunga Nkhanga kudambo, nyama zina zikuonerera.

"Mayi, ine ndine wachilungamo," anatero Nsato. "Nenani pamaso pa onsewa kuti mwafuna nokha kuti ndikudyeni."

Nkhanga anamva nthiti zikuphwanyika, koma anayankha mwaulemu.

"Kuvomera ndingavomere, bambo. Koma mawu otuluka ndili chofinyidwa chonchi awakhulupirira ndani? Mawa azidzati munachita kuwafinya kuti atuluke. Tandimasulani, onse amve kuti achokera mumtima."

Nsato anaona nyama zija zikugwedeza mitu movomereza, ndipo anamasula thupi pang'onopang'ono. Nkhanga anakonza nthenga zake mosafulumira, n'kuuluka kukatera pansonga pa mtengo.

"Mwamasukatu tsopano. Yankhani," anatero Nsato.

"Ndaganiza mofatsa, bambo. Ndakana."

Nsato anayasama kuti akalipe, koma maso onse anali pa iye.

"Mwadzionera nokha chilungamo changa, anzanga," anatero.

Pomwepo m'mimba mwake munalira, dambo lonse likumva.