Manda a Mawanga

Padangokhala, ana inu, kuseri kwa nkhokwe ina kunali mpingo wa mbalame za pakhomo. Mbusa wake anali Tambala, mkulu wa mpingo anali Bakha. Awiriwa ankawerenga Buku limodzi, koma ukawamva akulalikira umayesa mabuku ndi awiri.

Mumpingomo munali Thadzi. Chaka china mwini khomo anamuikira dzira la nkhanga pakati pa mazira ake, iye n'kulifungatira osadziwa. Ataswa, munatuluka kamwana ka mawangamawanga. Thadzi anangoti, "Ndafungatira ndine, ndi wanga," namutcha Mawanga. Anapiye ena onse anatha ndi chitopa, kutsala yekhayo. Tsiku lina m'mawa, nayenso sanadzuke.

Thadzi anamugoneka pabwalo n'kupita kwa akuluakulu. Paja lamulo linali lakuti adzukulu sakumba manda, nkhunda za kwaya siziimba, mpaka akuluakulu atavomereza kuti womwalirayo ndi wa Mlengi.

"Abusa, mwana wanga watisiya. Ndikupempha manda ndi nyimbo imodzi yokha."

Tambala anatsokomola, natsegula Buku. "Pepani mayi. Apa palembedwa kuti Mlengi adzatsegulira a m'khola mwake. Nkhanga ndi ya kutchire."

Bakha anatukula khosi. "Abusa, tembenuzani tsambalo. Kuseriko kwalembedwa kuti adzaitana onse a mapiko."

"Onse a m'khola."

"Onse a mapiko."

"Akuluakulu," anatero Thadzi, "dzuwa likumuwomba mwana wanga."

"Dikirani mayi, tikukonza nkhani yanu yomweyi."

Dzuwa linakwera. Tambala anafunsa kuti ngati khomo lidzatsegukira aliyense, nanga iye amadzukiranji mbandakucha kuitana anzake kumapemphero? Bakha anayankha kuti amene anaumba dzira la nkhanga sangaliiwale chifukwa cha malo amene linaikiridwa. Mawu amenewa anamufika pamtima Thadzi, ndipo anasendera pafupi nanong'ona.

"A Bakha, poti inu mukuti mwanayu ndi wa Mlengi, tiyeni mukandithandize kukumba."

"Iyayi mayi. Ndikachoka pano, abusawa ayesa andigonjetsa."

Thadzi anachita manyazi ngati wopempha mchere pakhomo pa adani. Anamusiya mwana pabwalo paja, napita kumbali kwa dzala kukakumba yekha. Nthaka inali ya chilimwe, youma gwa. Anapalasa, anapalasa, mpaka zikhadabo zinachucha magazi. Kumbuyo kwake mawu ankamveka omwe aja.

"Onse a m'khola."

"Onse a mapiko."

Mitu yonse inali yoweramira m'Buku, choncho palibe anaona chithunzithunzi chikuzungulira pabwalo. Anali Kabawi. Anatsika kamodzi kokha, nanyamula mtembo wa Mawanga, ndipo akukwera anati, "Musavutike, akuluakulu. Ine sindifunsa kuti wa m'khola kapena wa kutchire. Ndimatenga onse."

Thadzi anathamanga, koma nkhuku iuluka mpaka pati? Anangopeza nthenga zitatu za mawanga. Akuluakulu aja sanamve n'komwe, poti aliyense ankangomva mawu ake.

Dzuwa litapendeka anabwera onse awiri, nkhope zili zoyera ndi kukhutira. "Mayi, tagwirizana. Mwanayo aikidwe kumalire a manda, nkhunda ziimbe ndime imodzi, nkhani yeniyeniyo tidzaipititsa kumsonkhano waukulu. Maliro ali kuti?"

Thadzi anabwerera kudzala kuja. Anaika nthenga zitatu zija m'kadzenje kake, nakwirira yekha. Sanalire mokweza, misozi inali itamuthera, ndipo mtima wake unawawa kuposa m'mawa muja pamene mwana anafa.

Mukamuona lero akupalasa pansi, kenaka n'kupendeketsa mutu kuyang'ana kumwamba ndi diso limodzi, musamuthamangitse. Akukumbabe manda aja, akudikirabe mwana wake.

Nthano yanga yathera pa kadzenje kameneko, ana inu: za amene adzalowe kumwamba adziwa ndi Mwini khomo, koma wolira amene ali pamaso panu wapatsidwa kwa inu.