Matayala Osema

Chaka chimenecho, ku kampu ya asilikali kunagwa mawu amodzi ngati mliri: kusamala. Sopo, magetsi, mafuta, zonse kusamala. Palibe amene anawameza mawuwa kuposa Sajeni wa kugalaja, bambo wa manja aluso amene ankafera nyota ina paphewa asanapume pantchito.

Matayala a lole yaikulu atatha n'kusalala ngati dazi, iye sanaitanitse atsopano. Anawotcha mpeni pamoto, nasema mizere m'mphira wotsalawo, napaka polishi wa nsapato. Pobwera kudzayendera, Mkulu wa kampu anagogoda tayala ndi kandodo kake.

"Mwaona? Amuna ndi awa. Enanu mumangodziwa kupempha."

Sajeni anafufuma. Koma mtima sunamizika. Iye ankadziwa kuti pansi pa mizereyo panatsala kachikopa chabe. N'chifukwa chake anakokera pambali mwana wake wachisamba, amene anali atangolowa usilikali.

"Iwe, popita kokaphunzira kuwombera, uzikwera lole yaing'ono. Usandifunse chifukwa."

Mkazi wake, amene anamva zonse ali pakhomo, anagwira pakamwa. "Abambo, nanga okwera yaikuluyo anachita kugwa mumtengo? Alibe amawo?"

"Zausilikali zisiyeni, mayi. Matayala ndimawadziwa ndine."

Tsoka ilo, kusamala sikukhuta. Mkulu uja, pokondwa ndi luso la Sajeni, analamula m'mawa wina kuti malole awiri akungomwa mafuta pachabe. Anyamata onse apanikizane m'yaikulu, poti matayala ake ngabwino. Sajeni anaima njo pabwalo, dzanja pachipumi. Kulankhula kukanakhala kudziulula pamaso pa gulu lonse. Mwana wake anamuyang'ana kamodzi, nakwera. Bamboyo anadzinyenga kuti ulendo umodzi wokha sungavute.

Pamtsetse, dzuwa litatenthetsa msewu, tayala lakutsogolo linaphulika.

Madzulo ake mitembo inandandalikidwa m'galaja momwemo, poti chipinda chozizira cha kuchipatala cha kampu anali atachizimitsa posamala magetsi. Sajeni anayenda pamzerewo akuvundukula mabulangete mpaka anapeza amene ankamuopa. Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wamkulu akukwawa m'mafuta akuda, akuitana mwana amene sakanayankhanso.

Mkazi wake sanamukalipire. Anangokhala pansi, nanyamula mutu wa mwanayo pamiyendo, osamuyang'ana mwamuna wake n'komwe.

Akulu sananame: choipa chitsata mwini.