Denga la Mkungudza la a Muhiwa

A Alufeyo Muhiwa anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chimene anatuluka nacho m'zaka zonsezo chinali nyumba imodzi. Inali m'mbali mwa msewu wochokera pa Boma la Mulanje kupita ku Muloza: njerwa zootcha, malata, zipinda zitatu, siling'i ya mabolodi. Eni akewo sanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Iwo ndi akazi awo, mayi Enifa, ankakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nthochi, yabwinoyo n'kumachititsa lendi. Ndiyo inali munda wawo wa ukalamba.

Chimene ankanyadira kwambiri sanali malata ayi, koma mitengo ya denga. Yonse inali ya mkungudza wa m'phiri, wochekedwa pamwamba pomwepo, anthu n'kutsika nawo pamutu. Munthu akangoti, "Nyumba yabwino iyi," basi waziputa. A Muhiwa ankamukweza patebulo, kumutsegulira kachitseko ka m'siling'i, n'kumuuza kuti alowetse mutu anunkhize. "Mwalimva fungolo? Chiswe chimabwerera panjira!" Abusa ananunkhiza, aphunzitsi ananunkhiza, ngakhale wogulitsa nsomba wa ku Chilwa amene anangopatuka kudzapempha madzi akumwa ananunkhiza.

M'chaka cha 1972 m'nyumbamo munkakhala telala wina, Chester Namaona, ndi mkazi wake Estele ndi ana awiri. Pangano lawo linali la chaka chathunthu, lolembedwa papepala. Anali anthu osadandaulitsa: pabwalo posesa, pakhoma popanda ndi kamzere ka khala komwe. A Muhiwa ankadziwa kuti banjali linali la Mboni za Yehova, anthu amene sankagula khadi la chipani, koma ankati zimenezo ndi za iwo ndi Mulungu wawo.

Mwezi wa Okutobala zinthu zinaipa. Tsiku lililonse kunkamveka za Mboni zomenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Lachiwiri lina m'mawa Chester anafika kwa a Muhiwa, chipewa chili m'manja.

"Bambo, ndabwera kudzatsanzika. Chaka sichinathe, ndikudziwa, koma kuno sitingakhalenso. Lachisanu tiwoloka malire kupita ku Milanje."

"Aa! Nanga pepala lija tinalembera chiyani, a Namaona? Kukulungira fodya?"

"Pangano ndaswa ndine, sindikukana. Chimene ndikupempha ndi masiku atatu okha a bata. Musalowetse munthu m'nyumbamo mpaka titachoka. Ndipo chonde, bambo, musakweze munthu kudenga. M'siling'imo muli makatoni a mabuku a mpingo. Abale adzawatenga Lachisanu. Akawaona munthu wolakwika, tapsa tonse."

A Muhiwa anatafuna mawuwo pang'ono n'kunena kuti, "Ndamva." Koma kumva kwake kunali kwa khutu lokha.

Iwo anali ndi lamulo lawo limene sankalisintha: nyumba sigona yopanda munthu. Ankati kiyi azichoka m'dzanja la wotuluka kulowa m'dzanja la wolowa tsiku lomwelo, chifukwa nyumba ikagona yokha m'mawa umapeza zitseko zayenda. Tsono Chester atangotembenuka, iwo anavala jekete.

"Bambo a Joice," anatero mayi Enifa, "mwana wa eni wapempha masiku atatu. Masiku atatu nyumba ingagwe? Ngati ndi akuba, tikagonemo ife."

"Ife kugona mmenemuja? Ndiye ndani adzafune nyumba yonunkha utsi wa nkhalamba? Iwe za nyumba uzisiye, mayi a Joice. Ndinaimanga ndine."

"Munaimanga ndinu, inde. Koma nthawi ino si yoitanira alendo m'nyumba za anthu."

A Muhiwa anali atafika kale pamsewu. Analalika pa Boma ponse, kumsika, pa positi ofesi, pokwerera basi, kuti nyumba ya mkungudza ija ikufuna munthu. Ndipo munthu sanachedwe kupezeka. Anali a Hudson Makwinja, kalaliki wongosamutsidwa kumene, amene ankakhala mopanikizana kwa mlamu wawo. Lachitatu masana anatulukira limodzi ndi a Muhiwa, nsapato zili phuliphuli, baji ya chipani ili pachifuwa. Mayi Enifa ataona bajiyo anakokera amuna awo pambali.

"Munthuyu mukumudziwa? Akuti ndi mlembi wa chipani."

"Baji amavala aliyense masiku ano. Wabwera kudzaona nyumba, sanabwere kudzachititsa msonkhano."

Chester anali ku makina ake pakhonde la sitolo pa Boma. M'nyumbamo munali Estele yekha ndi ana, akumanga mitolo. A Muhiwa anati "Odi!" phazi lili kale m'kati. Estele anagwada kupereka moni, maso ali pa bajiyo.

A Makwinja anayendera zipinda zonse mosafulumira. Anagogoda makoma, anayesa mawindo, anayang'ana mitolo ija. Mpaka apo zonse zinali bwino, ndipo akanatuluka pamenepo nkhani ino sikanakhalapo. Koma ali pakhomo anayang'ana kumwamba n'kunena mwamphwayi kuti, "Nyumbayo ndi yabwino. Vuto la nyumba za kuno ndi denga. Aliyense amati mkungudza, mkungudza, ukakwera upeza bulugamu wofumbwa."

"Bulugamu?" A Muhiwa anachita ngati apondedwa pachilonda. "Bwana, mukuti bulugamu m'nyumba ya Muhiwa?"

"Sindikunena yanuyi, akapitawo. Ndikungonena mmene anthu amachitira."

"Ayi, ayi. Mwanena. Estele, bweretsa tebulo!"

"Bambo, tebulolo mwendo wake ndi wogwedera," anatero Estele motsitsa mawu. "Alendo angagwe."

"Ndiligwira ndine."

Tisawanamizire a Muhiwa kuti anaiwala. Mawu a Chester anawakumbukira bwino lomwe, tebulo lili m'manja. Koma anadziuza kuti m'siling'i ndi mumdima, munthuyo angonunkhiza n'kutsika. Kuti mlendo achoke akuganiza kuti denga lawo ndi la bulugamu, chimenecho ndiye sakanachipirira.

A Makwinja anakwera, anakankha kachitseko, analowetsa mutu ndi mapewa omwe. Anakhalitsa mmenemo. Kenaka analowetsanso dzanja. Potsika anali ndi fumbi paphewa ndi kabuku kamodzi m'manja. Anakatsegula, anawerenga mizere iwiri, n'kukaika m'thumba la jekete.

"Mkungudza weniweni," anatero. "Ndakhulupirira." Anatembenukira kwa Estele. "Mayi, khadi lanu lili kuti?"

Estele anangoyang'ana pansi.

"Chabwino. Akapitawo, nyumbayi ndaikonda. Mawa ndibwera ndi anzanga adzaionenso."

Estele sanadikire kuti wina amumasulire. Alendo atangokhota, anabereka wamng'ono, anagwira wamkulu padzanja, ulendo wa pa Boma. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni banja lonse linadutsa kwa mayi Enifa. Chester anali atasenza mutu wa makina wokulunga m'chitenje, ndipo katundu wina yense anamusiya momwemo. Anapereka kiyi ndi manja awiri.

"Tinapempha masiku atatu, mayi," anatero. "Tsalani bwino."

Anadzera njira za m'minda ya tiyi kulowera kumalire. Patapita nthawi kunamveka kuti anawoloka mtsinje wa Muloza ali amoyo onse anayi, ndipo ku Mulanje sanaonekenso.

A Muhiwa atamva kuti anthu apita, anadzilimbitsa mtima. "Ndiye bwino. Mabukuwo akawafuna atenge. Ine khadi ndili nalo, la chaka chino. Mawa bwana uja alandira kiyi." Mayi Enifa anawauza kuti atsitse makatoniwo nthawi yomweyo akawataye kutali, koma iwo anakana. Anati akawagwira ndiye aoneka ngati ndi awo.

Lachinayi m'mawa kunamveka nyimbo kuchokera cha ku Boma. Anali anyamata a chipani oposa makumi atatu, ena ndi zibonga, ena ndi nkhwangwa, a Makwinja ali patsogolo. A Muhiwa anathamanga ndi kiyi n'kuwatsegulira okha. Anyamatawo anapeza mitolo yokha. Anakwera m'siling'i, anatsitsa makatoni asanu, anawakhuthula pabwalo n'kuyatsa moto. Koma anthu amene anadzera kudzamenya munthu sakhuta ndi mapepala.

"Ali kuti?" anafunsa a Makwinja.

"Anapita dzulo, bwana. Ine sindinawaone."

"Simunawaone, koma kiyi muli naye. Anakupatsani ndani?"

A Muhiwa anayang'ana kiyi uja m'dzanja lawo.

"Nyumbayi ndi ya ndani?"

"Ndi yanga, bwana."

"Ndi yanu. Miyezi khumi mukusunga anthu okana chipani. Mabuku awo ali m'denga lanu, denga limene mumakwezamo anthu tsiku ndi tsiku, ndiye mutiuze kuti simunkadziwa? Dzulo ndachoka pano, iwo n'kuthawa. Anawatsina khutu ndani?"

A Muhiwa anasolola khadi lawo. A Makwinja sanaliyang'ane n'komwe.

"Khadi ndi pepala, akapitawo. Ife tikufuna tione kumene kuli mtima wanu. Nyumba iyi yakhala phanga la anthu oukira, ndipo lero igwa. Ngati simuli nawo limodzi, yambani ndinu."

Mnyamata wina anapatsa a Muhiwa nkhwangwa. Anthu a m'mudzi anali ataima kutali m'mbali mwa msewu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasendera. A Muhiwa anayang'ana chitseko, anayang'ana zibonga zija, n'kuona kuti pakati pa chitseko ndi mutu wawo chimodzi chisweka basi. Anakweza nkhwangwa. Kutema koyamba kunali kofooka moti anyamata anaseka n'kuwauza kuti abwereze ngati mwamuna. Anabwereza, misozi ili chuchuchu, mpaka thabwa linang'ambika.

Zotsalazo anamaliza anyamatawo. Anaswa mawindo, anazula mafelemu, anakwera pamwamba n'kukanganula malata limodzi limodzi. Mitengo ya denga anaidula n'kuiponya pamoto wa mabuku uja. Pofika masana panatsala makoma anayi oyang'ana kumwamba, ndipo malata anali atayamba kale ulendo pamitu ya anthu. A Makwinja anapukuta nsapato zawo ndi mpango n'kubwerera kwa mlamu wawo.

A Muhiwa anakhala pansi pakhonde, manja ali m'masaya. Mayi Enifa anawabweretsera madzi m'chikho n'kukhala pambali pawo. 

"Telala uja akanandifotokozera bwinobwino," anatero a Muhiwa potsiriza, "sindikanamukweza munthu uja."

"Anakuuzani m'Chichewa, bambo a Joice," anayankha mayi Enifa. "Ine ndinakuuzani m'Chilomwe. Chinatsala chiyankhulo chiti?"

 Zaka zotsala za moyo wawo a Muhiwa anathera m'kanyumba kaudzu kaja, ndipo mphamvu zomangiranso ina analibe. Akuluakulu sananame pamene adati: samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.