Kagudumu Kamene Kanamunamiza Nasimango

Kalekale, koma si kale la makolo ayi, ndi kale la dzanadzanali mafoni atalowa kale m'nyumba zathu, kunali mayi wina wosoka zovala dzina lake Nasimango. Mayi ameneyu ankalowetsa ulusi pasingano uku akucheza, osayang'anapo n'komwe. Kenako inabwera ng'ala. Diso lamanzere linachita mtambo mpaka kutsekeratu, lamanja nalo linayamba kutsatira. Iye anadziwa kuti likangotseka limeneli, kusoka kwatha.

Madokotala ochotsa ng'ala ankafika m'dera limenelo kamodzi pa zaka ziwiri. Anamuyeza, anamulemba dzina, n'kumuuza kuti, "Mayi, tikakuitanani mudzaona pa pulogalamu ya pafoni. Mudzavomere pasanathe masiku atatu, apo ayi malo anu adzapita kwa wotsatira."

Tsono pulogalamu imeneyi sinkabweretsa uthenga yokha. Munthu ankayenera kuika chala pamwamba n'kukokera pansi, kachizindikiro kooneka ngati kagudumu n'kuzungulira, ndiye zatsopano n'kutulukira. Nasimango sanade nkhawa. Adandaulirenji? Amene anakonza pulogalamuyo anali mlongo wake weniweni, Lemekezani, wa kutauni. Foni ankamusungira ndi amuna ake, a Zakeyu. Ndipo mnzake wapamtima wa nyumba yoyandikana nayo, Esinati, ankaidziwa bwino pulogalamuyo, chifukwa amayi ake okalamba nawonso anali pamndandanda womwewo.

M'mawa uliwonse Nasimango ankakhala pakhonde, foni ataiyandikitsa kudiso lotsalalo. Kokeru! Kagudumu zunguliru zunguliru, n'kuima. Mawu anali omwe aja: "Dikirani." Masana akokanso, madzulo akokanso. Mwezi unatha akukoka.

Tsiku lina kunamveka nthungululu kwa Esinati. Gogo uja, amayi ake a Esinati, anali atabwerako kuchipatala, akutchula adzukulu ake mayina mmodzimmodzi, akuwaona. Nasimango anasangalala nawo, koma anadabwa. Paja pamndandanda iye anali patsogolo pa gogoyu! Anatenga foni n'kupita nayo kwa wokonza mafoni pamsika. Munthu uja anangoyang'ana kamodzi.

"Amayi, deta yanu ya intaneti ndi yothimitsa. Mwakhala mukukoka mphepo."

Wokonza mafoniyo anaiyatsa. Nasimango anakoka, kagudumu kanazungulira monga mwa masiku onse, koma ulendo uno mawu anasintha: "Munaitanidwa. Simunavomere. Malo anu aperekedwa kwa wina."

Abale anga, mayi uja anakhala pansi pafumbi pomwepo, anthu akumulambalala.

Atabwerera kunyumba, anayamba ndi kufunsa amuna ake. A Zakeyu sanakane. Iwo ndiwo anathimitsa deta, dala, tsiku lomwe mkazi wawo analembetsa. Bambo awo analowa m'chipinda cha opaleshoni akuyenda okha ndipo anatulukamo atafundidwa nsalu, ndiye chiyambire pamenepo a Zakeyu akangomva za mpeni wa dokotala ankatuluka thukuta. Mwezi wonsewo ankamupatsira mkazi wawo foniyo ndi manja awiri, n'kumafunsa kuti, "Kaya lero akuti bwanji?"

"Mayi a m'nyumba," anatero akulira, "ine ndinati bola ndikhale ndi inu osaona kusiyana n'kukuikani m'manda."

"Maso ake ndi a ndani?" anafunsa Nasimango. "Munandifunsa?"

Kenako anaimbira mlongo wake. Lemekezani anayamba ndi chizungu chambirimbiri, monga amachitira anthu a kutauni akapanikizika, koma Nasimango atamuuza kuti, "Iwe, lankhula zomveka," zinatuluka. Iye ankadziwa kuti foni ikakhala yopanda intaneti, kagudumu kaja kamazungulirabe n'kuima ngati zatheka, n'kusiya uthenga wakale pomwepo, osanena kuti kalephera, osanenanso kuti uthengawo ndi wa liti. Anzake a kuntchito anamuchenjeza. Kukonza kwake kunali kwa tsiku limodzi. Koma mabwana anali ataitana kale alendo ku mwambo wokhazikitsa pulogalamuyo, ndipo iye sanafune kuoneka ngati wapereka chinthu chosapsa. Choipitsitsa n'chakuti mkati mwa masiku atatu aja Nasimango anamuimbira kumudandaulira kuti palibe chikusintha. Mndandanda unali pakompyuta patsogolo pake. Iye osatsegula, anangoti, "Ndiye kuti sanakuitaneni, achemwali. Muzingokoka, chinthu chimenecho ndinakonza ndine."

"Ndinalakwa, achemwali," anatero tsopano. "Koma ine sindinadziwe kuti alamu athimitsa deta."

"Kagudumu kako kankadziwa," anayankha Nasimango. "Ndiwe unakaphunzitsa kukhala chete."

Kwa Esinati sanachite kupita, Esinatiyo anabwera yekha, n'kugwada pakhomo. Iye pafoni yake mndandanda wa dera lonse unkaoneka bwinobwino. Anaona dzina la mnzake litaitanidwa. Anaonanso kuti wotsatira ndi amayi ake, amene anali atakhala mumdima zaka zinayi, ndipo sabata yomweyo anali atapsa mwendo pamoto chifukwa chosaona. Masiku atatu onsewo Esinati ankabwera pakhonde paja kudzathandiza kusoka mabatani. Ankamuona mnzake akukoka, akuusa moyo, ndipo iye ankangoti, "Limbani mtima asisi, Mulungu ali ndi nthawi yake."

"Sindinakubereni," anatero Esinati. "Sindinathimitse kanthu, sindinakonze kanthu. Ndinangotseka pakamwa. Inu diso limodzi linalipo, amayi anga analibe ndi limodzi lomwe. Mukanakhala inu mukanatani?"

Funso limenelo ndi limene linamuwawa kwambiri Nasimango.

Ine ndikuuzeni, kupwetekedwa ndi mdani kumapola msanga. Koma awa! Wina wogona naye mphasa imodzi, wina woyamwa naye bere limodzi, wina wobwerekana naye mchere. Mmodzi yekha mwa atatuwa akanachita chilungamo, mayi uja akanaona. A Zakeyu akanapanda kuthimitsa, uthenga ukanafika. Kagudumu kakananena kuti kalephera, iye akanafufuza tsiku loyamba lomwelo. Esinati akanangotsokomola chabe, nkhani ikanatha.

Mvula isanagwe, diso lamanja linatseka. Makasitomala anatenga nsalu zawo mmodzimmodzi, ena akupepesa, ena osapepesa n'komwe. A Zakeyu ankamutsogolera kulikonse, kumuphikira, kumuchapira, koma akamugwira dzanja iye ankauma thupi. Lemekezani anakonza pulogalamu ija, ndipo tsopano ikalephera inkanena poyera, inkasonyezanso tsiku la uthenga womaliza. Anthu ambiri anapindula nazo, kupatula mlongo wake. Esinati ankatunga madzi n'kuwasiya pakhomo, osayembekezera zikomo.

Zaka ziwiri zinatha, madokotala aja anabweranso. Anamulembanso dzina, koma anamuchenjeza kuti ng'ala yake yakhwima kwambiri, ndipo akaphonyanso ulendo uno mwina sadzathanso kumuthandiza. Lamulo linali lomwe lija: kukoka, kuwerenga, kuvomera pasanathe masiku atatu. Koma tsopano Nasimango sankatha kuona ngakhale foniyo ili m'manja mwake. Pankafunika munthu womukokera tsiku ndi tsiku, n'kumuuza zoona zimene zalembedwapo.

Onse atatu anafika pakhonde.

"Ndipatseni ine," anatero a Zakeyu. "Mpeni ndikuuopabe, sindinama, koma ndaona zimene ndinachita."

"Ndipatseni ine, achemwali," anatero Lemekezani. "Ndipita nayo kutauni, ndiziyang'ana ngakhale ntchito itachuluka bwanji."

"Ndipatseni ine, asisi," anatero Esinati. "Amayi anga anachira, ndilibenso chifukwa chokhalira chete." Koma mudzi wonse unkadziwa kuti chaka chimenecho azakhali ake anali atalembetsa nawo.

Nasimango anaifumbata foniyo pachifuwa, akumva mpweya wa anthu atatu amene sankatha kuwaona nkhope.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musandiyang'ane ine, mlandu ndi wanu. Wamantha uja, wonyada uja, ndi wokhala chete uja, ndani anamupereka kwambiri mayiyu? Ndipo foni ili m'manja mwakeyi, aipereke kwa yani?