Chule Wopanda Mpando

M'kachipinda kometera tsitsi, ka galasi long'aluka ndi mpando umodzi wozungulira, munkagwira ntchito bambo wina amene anthu ankamutcha Chule chifukwa cha mawu ake osasa. Kuyimba ankakukonda, koma kwaya inamubweza, magulu oyimba nawo ankangomuuza kuti abwere mawa, mawa lake losafika. Chimene mtima wake unkafuna chinali chimodzi: kuwerengedwa nawo pakati pa oyimba.

Tsiku lina akumeta mlamu wake, katswiri wa gitala, anayamba kung'ung'udza kanyimbo kopeka yekha kotchedwa "Ndilibe Mpando", kodandaula za munthu amene kulikonse akafika amapeza malo atatha. Mlamuyo anadzuka mutu uli wometa theka.

"Alamu, zimitsani makinawo. Tiyeni tikaijambule."

Nyimboyo inawanda ponseponse. Aliyense, ngakhale bwana wa mimba yake wokhala pa mpando wawofowofo, ankaimva ngati ikunena za iye. Mawu osasa aja anasanduka ndiwo zake za nyimboyo, ndipo amene ankamuseka anayamba kumuvulira chipewa. Chule anagulitsa makina, galasi ndi mpando womwe, nagula jekete yonyezimira.

"Alamu, tipekenso zina," anatero wagitala uja patapita miyezi. "Chingamu chikatha shuga anthu amalavula."

"Zinanso za chiyani? Ankandikana aja aimve yomweyi mpaka makutu awawe."

Kunena zoona, sunali ulesi ayi. Unali mkwiyo wakale, wosakanikirana ndi mantha oti akatsegula pakamwa ndi nyimbo ina, anthu akumbukira kuti ndi Chule.

Kenaka linafika tsiku lake lalikulu: holo yodzaza masana, dzina lake lokha pa chikwangwani, oyimba otchuka atakhala kutsogolo kudzamuona. Atangoyamba, anthu anailanda nyimbo ija, naiyimba mokweza mpaka iye osamvekanso. Itatha kunali nthungululu.

"Ina! Ina!"

Chule anakodola mlamu wake kuti abwereze. Anthu anavina ndithu, mwaulemu. Ataiyambanso kachitatu, mayi wina anakuwa kuti, "Kodi galimoto yake ndi ya giya imodzi?" Holo yonse inafa ndi phwete. Oyimba otchuka aja anayang'ana mawotchi awo. Anthu anayamba kutuluka, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti ankatuluka akuiyimba okha nyimboyo mumsewu, bwinobwino, mwini wake osamufunanso.

Wagitala anaika chida chake m'thumba. "Pepani alamu, gulu lina landiitana. Ana kunyumba sadya nyimbo imodzi."

Patapita nthawi, tsitsi litakula, Chule analowa m'kachipinda kaja. Munali wometa wina, galasi latsopano, ndipo pa benchi anthu anali thithithi. Pa wailesi, mtsikana wa mawu osalala ankayimba "Ndilibe Mpando", makasitomala akuvomereza ndi mitu. Palibe amene anamuzindikira.

"Malo atha, bambo," anatero wometayo osacheuka. "Imani kaye pakhomopo."

Chule anaima pomwepo, jekete yake itasuluka m'mapewa, mpaka nyimbo inatha. Akuluakulu sananame: nyimbo imodzi sachezera gule.